Kuwerenga mutu ndi mtima mu filimu ya matsenga

Mukakhala m'nyumba ya vidiyo ku Ndirande kapena ku Bangwe, akuonetsa filimu ya matsenga yochokera kunja, ndiye kadzidzi n'kutera paphewa la nkhalamba ya ndevu zoyera, anthu onse amagamula nthawi yomweyo kuti imeneyi ndi mfiti. Koma kawirikawiri amene anapanga filimuyo amanena zina. Ku Ulaya kadzidzi ndi mbalame ya Athena, mulungu wamkazi wa nzeru wa Agiriki akale, moti ankamudinda pa ndalama za mzinda wa Athens. Kwa iwo, kadzidzi uja wangotiuza kuti nkhalambayi ndi munthu woganiza mozama. Ife taona maliro pamene iwo anaika nzeru.

Mafilimu a matsenga, aja a zinjoka zolavula moto, mafumu, malupanga ndi maiko osapezeka pa mapu, amabwerezabwereza mkangano umodzi: kuganiza mofatsa kulimbana ndi zimene mtima ukumva. Amaukonda chifukwa mu filimu yotere za mkati mwa munthu zimatha kutuluka n'kuvala thupi. Mkwiyo umasanduka moto weniweni wotuluka m'manja, mantha amasanduka chilombo, lamulo limasanduka linga la miyala. Ntchito yanu ndi kuzindikira kuti chavala thupicho n'chiyani, ndipo umboni wake uchokere mu filimu momwemo. Zimene munawerenga zoti mtundu wakuti umatanthauza chakuti, kapena zimene munakula nazo kumudzi, zidikire kaye mpaka filimuyo itavomereza. Njira imene tikufotokoza pano imafuna kuonera katatu, kope limodzi, cholembera, ndi maola 6 kapena 7 pa filimu ya maola awiri.

Fayilo ndi sikirini zikhoza kukunamizani

Ambiri timatenga mafilimu pa fulashi kapena pa memory card kwa anyamata okopera mafilimu mumsika wa Limbe ndi m'makwalala mwathu. Yang'anani kukula kwa fayilo. Filimu ya maola awiri imene ili ndi 300 MB yokha yafinyidwa kwambiri, ndipo oyamba kuwonongeka ndi malo amdima: mthunzi umasanduka timabokosi takuda, ndipo chinthu chimene anachiika kumbuyo kwa munthu mwadala sichionekanso. Mafilimu a matsenga amachitika kwambiri m'mapanga, m'nkhalango ndi usiku, choncho mumataya gawo lalikulu la umboni musanayambe n'komwe. Funani ya 720p (nambala yoonetsa kumveka bwino kwa chithunzi) kapena kuposa apo, imene nthawi zambiri imafika 1 GB.

Onaninso mmene chithunzi chakhalira. Mafilimu ambiri akuluakulu amajambulidwa motambalala, pa mulingo wa 2.39:1, n'chifukwa chake pa TV pamakhala mizere yakuda pamwamba ndi pansi. Ngati filimu yotere yadzaza sikirini yonse, kawirikawiri ndiye kuti wina anadula m'mbali. Pamene wojambula anaika anthu awiri okangana, wina kumapeto kuno wina kumapeto uko ndi mpata waukulu pakati, inu mudzangoona mmodzi kapena theka la aliyense, ndipo mpatawo, umene unali uthenga, watayika.

Pa foni zimitsani chotetezera maso chija chimene chimapangitsa sikirini kukhala yachikasu madzulo. Pa TV chotsani pa Vivid kapena Dynamic muike pa Movie kapena Cinema. Mukapanda kutero mudzalemba kuti chipinda cha mfumu n'chofunda pamene foni yanu ndiyo yachipaka utoto. Tsekani makatani ngati mukuonera masana.

Nanga za ma DJ athu omasulira mafilimu m'Chichewa? Ndi anthu aluso, ndipo anthu ambiri mu Blantyre muno anayamba kukonda mafilimu chifukwa cha iwo. Koma pa ntchito iyi musayambire pa filimu yomasulira. DJ amatsitsa mawu a filimu kuti alankhule, ndiye nyimbo imakwiririka. Komanso amakhala atagamula kale: akangonena kuti “ameneyu ndiye kamberembere wake”, maso anu saonanso china. Isungeni yomasulirayo, tidzaifuna kumapeto.

Pa laputopu gwiritsani ntchito pulogalamu yoonera mafilimu ya VLC, ndi yaulere. Batani lalitali la pansi limaimitsa, E amakusunthani chithunzi chimodzi kutsogolo, Shift ndi S pamodzi zimajambula chimene chili pa sikirini ngati muli pa Windows, ndipo mabatani a [ ndi ] amachepetsa kapena kuwonjezera liwiro. Pa YouTube ya pa kompyuta, mukaimitsa kanema, batani la chizindikiro cha (,) limakubwezani chithunzi chimodzi, la mpumiro (.) limakupititsani chimodzi. Filimu imayenda zithunzi 24 pa sekondi, kutanthauza zithunzi 172,800 m'maola awiri. Simudzaziona zonse chimodzichimodzi, koma pa malo awiri kapena atatu ofunika batani la E lidzakuonetsani zimene diso linaphonya.

Ulendo woyamba: ingoonerani

Osaimitsa, osalemba. Ikatha, m'mphindi 10 zoyamba lembani zinthu zitatu: mpangankhani wamkulu akufuna chiyani, ndi pati pamene thupi lanu linayankha (mtima kugunda, tsitsi kuimirira, misozi kulengeza), komanso chithunzi choyamba ndi chomaliza cha filimuyo chinali chotani. Musadumphe zimenezi. Filimu yokamba za mtima imagwiranso ntchito pa mtima wanu, ndipo mmene munamvera koyamba simudzamvanso mukaonera kachiwiri. Ngati munamvera chisoni munthu amene filimu ikumuonetsa ngati wouma mtima, chimenecho ndi umboni woti penapake pabisika kanthu.

Ulendo wachiwiri: tsekani mawu

Apa ndi pamene pali ntchito. Gawani tsamba la kope m'mizere isanu yotsika: mphindi, chinthu chimene mwaona, ali nacho kapena ali pafupi nacho ndani, kuwala ndi mtundu, ndipo womaliza, chithunzi chimene chabwera pambuyo pake. Tsekani mawu kotheratu. Mawu a atengambali amakokera maganizo ku nkhani, pamene inu mukufuna kuona zimene kamera ikunena payokha. Lembani mphindi nthawi iliyonse, ngakhale zioneke zotopetsa. Magetsi akathima pakati mudzadziwa poyambira, ndipo potsutsana ndi anzanu mudzakhala ndi poloza.

Lamulo lothandiza ndi la katatu. Chinthu chikaoneka kamodzi ndi katundu wa m'nyumba chabe. Chikaoneka kawiri mwina zangochitika. Chikaoneka katatu, ndipo kamodzi mwa katatuko kamera yachiyandikira chokha kapena chaoneka pa nthawi imene munthu akupanga chisankho, chimenecho ndi chizindikiro. Zonse zosafika katatu zikhwatcheni pomaliza.

Yambani ndi malo. Mbali ya mutu imakonda mizere yowongoka, ngodya, zinthu zofanana kumanja ndi kumanzere, galasi, chitsulo, mawotchi, mapu, mabuku, masikelo. Mbali ya mtima imakonda zopindikapindika: mizu, utsi, madzi oyenda, nyama, nsalu zouluka ndi mphepo. Kawirikawiri woganiza amakhala pamwamba, mu nsanja kapena paphiri, pamene za mtima zili pansi, m'phanga, m'chitsime, pansi pa nyanja, monga mmene mutu ulili pamwamba pa chifuwa. Choncho munthu akamatsika makwerero aatali mu filimu yotere, funsani kuti akutsikira ku chiyani cha mkati mwake.

Zovala zimanena msanga kuposa malo. Kolala yomanga mpaka pakhosi, magolovesi, chisoti chobisa nkhope, tsitsi lomangidwa zolimba. Chofunika si chovalacho ayi, koma mphindi imene chamasuka. Lembani nthawi yeniyeni imene golovesi yavulidwa kapena tsitsi lamasuka, ndipo muone kuti chachitika n'chiyani masekondi 30 m'mbuyo mwake.

Kuwala kumafuna kusamala kwambiri, pakuti apa ndi pamene ambiri amagwa. Ojambula amayeza mtundu wa kuwala m'ma Kelvin: kandulo ili cha pa 1,900, mababu akale ojambulira 3,200, dzuwa la masana cha pa 5,600. Nambala ikakhala yotsika kuwala kumafiira, ikakwera kumapita ku buluu. Mafilimu ambiri a ku Ulaya ndi ku America amapatsa buluu kwa woganiza, ndi kuwala kwa moto kwa wa mtima. Koma buluu wina alibe nkhani. Usiku wa mu filimu umakhala wa buluu chifukwa ndi mmene ojambula anazolowerera kuonetsa mwezi, kuti tione nkhope koma tidziwe kuti kwada. Ndiponso mafilimu ambiri amakono amapakidwa buluu kumbuyo ndi olenji kutsogolo mu kompyuta, chifukwa khungu la munthu lili mbali ya olenji ndipo limatuluka bwino pa buluu. Mayeso ake ndi awa: kodi buluu uja amamutsata munthuyo ngakhale masana? Akalowa m'nyumba ya mnzake yowala ndi moto, kodi iye akhalabe mumthunzi wozizira pamene ena onse akufiira? Ngati inde, mtunduwo ndi wake. Ngati aliyense amakhala wa buluu kukada, umenewo ndi usiku basi.

Kenako kamera. Ikakhazikika pa miyendo yake itatu, munthu ali pakati penipeni, imaonetsa dongosolo ndi kudzigwira. Ikanyamulidwa paphewa n'kumagwedera, imatilowetsa m'thupi la munthu amene mtima uli m'mwamba. Izi mukhoza kuziyeza. Tengani masekondi 60 a zochitika kumbali ya mutu, muwerenge kuti chithunzi chasintha kangati, ndipo muchite chimodzimodzi kumbali ya mtima. Mukapeza kasanu ndi katatu kwina, kwina ka 25, kusiyanako n'kwadala. Koma yerekezani zofanana: kukambirana ndi kukambirana, osati bwalo la nduna ndi nkhondo, poti nkhondo imadulidwa mwachangu mu filimu ina iliyonse.

Mzere wachisanu uja, wa chithunzi chotsatira, ndi umene oyamba kumene amaunyozera, koma ndi wolemera kuposa yonse. Cha m'ma 1920 Lev Kuleshov, wopanga mafilimu wa ku Russia, anaonetsa kuti nkhope imodzimodzi, yosasintha, imaoneka ya njala ikatsatizana ndi mbale ya chakudya, ndipo imaoneka yachisoni ikatsatizana ndi bokosi la maliro. Tanthauzo limabadwira pa mfundo pamene zithunzi ziwiri zalumikizana. Choncho mfumu ya nkhope youma ikayang'ana kunja, musathamangire kunena kuti ilibe mtima. Onani chimene wolumikiza zithunzi waika pambuyo pake. Ngati ndi mapu a nkhondo, ikuwerengera. Ngati ndi mpando wopanda munthu, ikulira.

Ulendo wachitatu: makutu

Simufunika kubwereza filimu yonse. Sankhani malo 8 kapena 10 amene kope lanu ladzaza kwambiri, valani mahedifoni, tembenuzani sikirini. Mverani kanyimbo kakafupi kamene kamabwera nthawi zonse munthu wina kapena chinthu china chikaoneka. Njira imeneyi anaitchukitsa ndi Richard Wagner m'masewero ake oimba a m'zaka za m'ma 1800, ndipo opeka nyimbo za mafilimu a matsenga amaidalira mpaka lero. Muzindikire kuti kakuimbidwa ndi chida chanji. Kanyimbo kamene poyamba kanali ka malipenga ndi ng'oma zoyenda mwandondomeko, kakabwera kumapeto pa chitoliro chimodzi kapena pa mawu a munthu, ndiye kuti mwini wake wasintha ngakhale pakamwa pake sananene. Lembaninso pamene nyimbo yaleka zii. Opanga filimu satseka nyimbo pachabe.

Pa zolankhula, Chingerezi chilibe “inu” ndi “iwe” monga ife, choncho ulemu ndi kuyandikana zimaonekera pa maina. Munthu amene filimu yonse wakhala akuitana mnzake ndi udindo, “mfumu” kapena “mkulu wa asilikali”, tsiku limene wamutchula dzina lake lenileni ndi tsiku limene wachoka pa “inu” kufika pa “iwe”. Lembani mphindi imeneyo.

Chitsanzo chongopeka, kuti tione mmene kope limagwirira ntchito

Tiyeni tipeke filimu yathu ya mphindi 120. Mfumukazi imakhala mu nsanja ya galasi, imavala magolovesi oyera, ndipo imaweruza milandu ndi sikelo yasiliva. Mng'ono wake anathamangitsidwira kudambo, kumene amasunga chinjoka chimene chimakula iye akapsa mtima. Aliyense woonera koyamba adzanena kuti mkulu ndi mutu, mng'ono ndi mtima, nkhani yatha. Ndipo kope likuvomereza poyamba: pa 4:10 sikelo yadzaza sikirini, kuwala kwa buluu, kamera yokhazikika. Pa 9:40 dambo, utsi, moto, kamera yogwedera.

Tsopano taonani zimene mizere ina ikunena. Pa 12:30, mukadina E pang'onopang'ono, dzanja la mfumukazi likunjenjemera lisanagwire sikelo, ndipo iyo ikulipanikiza ndi linzake. Pa 31:00 yaweruza kuti mwana wa mlonda achotsedwe mumzinda, nkhope ili gwa, koma chithunzi chotsatira ndi kabedi ka mwana kopanda munthu m'chipinda chokhoma. Pa 61:15 ili yokha, yavula golovesi, ndipo padzanja pali chipsera cha moto. Katatu kakwana, ndipo chizindikiro chachikulu si sikelo ayi, ndi golovesi. Nsanja yonse ija sinamangidwe ndi nzeru. Inamangidwa ndi chisoni ndi mantha a munthu amene anapsa kamodzi ndipo safuna kukhudzanso kanthu.

Pitani kudambo. Pa 22:00 mng'ono uja akuwerenga mpweya wa chinjoka ndi zala, kudikira kuti chipume kasanu asanachiyandikire. Pa 47:30 wajambula njira ya kunsanja pa dothi ndi kamtengo. Pa 88:00 chinjoka chakula kufika pamitengo, iye n'kukhala pansi, kupuma mofatsa mpaka chitachepa. Uyu amene tinamutcha wa mtima ndiye akuwerengera, kukonza mapulani ndi kuugwira mtima. Kusiyana kwa awiriwa sikuti wina amaganiza wina amamva. Wina anabisa zimene akumva mpaka zinayamba kumulamulira mobisa, wina amaziyang'ana pamaso tsiku ndi tsiku ndipo anaphunzira kuziweta.

Mafilimu abwino ambiri amachita zimenezi: amakutcherani awiri ooneka osavuta kumayambiriro kuti akawatembenuze pakati. Wofulumira amabwerera ndi tanthauzo la mphindi 10 zoyamba. N'chifukwa chake chizindikiro muzichitsata mpaka kumapeto, n'kumafunsa kuti chasintha bwanji, osangoti chikuimira chiyani.

Malo oyang'anitsitsa ndi anayi. Mafilimu ambiri a ku America amatsata kagawidwe kamene Syd Field, mphunzitsi wa kalembedwe ka mafilimu, anakafotokoza m'mabuku ake: kusintha kwakukulu pakatha gawo limodzi mwa magawo anayi, kwina pakati, kwina pakatha magawo atatu, kenako pampondachimera. Mu filimu ya mphindi 120 ndiye cha pa 30, 60 ndi 90, ngakhale zimatha kutsogola kapena kuchedwa ndi mphindi zingapo. Pa malo alionsewa funsani mafunso atatu: wapanga chisankho ndani, wagwiritsa ntchito chiyani (pulani, lamulo, mkwiyo, chifundo), ndipo walipira ndani. Funso lachitatuli ndi limene limaulula mbali imene filimu yaima. Atengambali akhoza kutamanda chikondi ndi pakamwa, koma ngati nthawi iliyonse munthu akatsata mtima wina amafa, filimuyo ikunena zina. Pomaliza yang'anani chimene chachitikira chinthu chija: chasweka, chapatsidwa kwa wina, chatayidwa m'madzi, kapena chagwiridwa ndi manja awiri a anthu amene ankadana. Ikani chithunzi choyamba ndi chomaliza pafupi, zija munajambula ndi Shift ndi S, muone ngati mitundu iwiri ija yasakanikirana kapena umodzi wameza unzake.

Kumene kugawa kumeneku kunachokera, ndi pamene ife timasiyana nako

Azungu akhala akulekanitsa mutu ndi mtima kwa nthawi yaitali. Plato, woganiza mozama wa Agiriki akale, zaka zoposa 2,300 zapitazo, anafanizira moyo wa munthu ndi ngolo yokokedwa ndi akavalo awiri, wina womvera wina wosamva, ndipo woyendetsa ngoloyo ndi nzeru. Mukaona mu filimu munthu akuvutika kukwera chinjoka, kuweta chilombo kapena kumanga mphamvu yake ndi unyolo, mukuona mdzukulu wa fanizo limenelo. Pambuyo pake ena anatsutsa. David Hume wa ku Scotland, m'zaka za m'ma 1700, ananena kuti nzeru zimatumikira zokhumba za mtima. Mu 1994 dokotala wa ubongo Antonio Damasio analemba za odwala amene anavulala mbali ya kutsogolo kwa ubongo: ankatha kuwerengera ndi kufotokoza bwinobwino, koma popeza zinthu sizinkawakhudzanso mtima monga kale, ankalephera kusankha zinthu zanzeru pa moyo wawo. Olemba mafilimu ambiri a masiku ano ali mbali imeneyi, n'chifukwa chake kawirikawiri mdani wawo ndi munthu wozizira wowerengetsera.

Chichewa sichidula pamenepo. Kwa ife mtima umaganizanso. Timati “ndinalingalira mumtima mwanga”, wokayika timati ali ndi mitima iwiri, wodekha timati waika mtima pansi, ndipo kudziletsa timati kuugwira mtima. Choncho mtengambali akauzidwa m'Chingerezi kuti atsate mtima wake, ife timamva ngati akumuuza kuti amvere chikumbumtima ndi kulingalira kwake, pamene mwini filimu akutanthauza kuti asiye kuwerengera n'kutsata chikondi. Kusiyanaku n'kochepa m'mawu koma kumatembenuza tanthauzo la mathero.

Nthano zathu nazo zimagawa mwina. Kalulu ndi Fisi si nzeru ndi chikondi, koma nzeru ndi dyera, ndipo wanzeruyo ndiye ngwazi. Munthu wokula ndi nthano zimenezi amakopeka ndi wochenjera wa mu filimu, uja wa mapulani, ndipo amachedwa kuona kuti filimu ikumuda. Moto nawonso musaufulumirire. Mu nthano ya Achewa ya ku Kaphirintiwa, munthu anapeka moto ndi timitengo, tchire n'kupsa, nyama n'kuthawa, Chauta n'kukwera kumwamba. Moto umenewo ndi luso la munthu, si mkwiyo ayi, ndipo Agiriki ali ndi Prometheus amene anaba moto kwa milungu n'kupatsa anthu. Ndiye moto wa mu filimu ukakhala m'ng'anjo ya wosula zitsulo kapena mu nyale ya wowerenga, uli mbali ya mutu. Ukakhala wolusa m'tchire kapena wotuluka m'maso, uli mbali ya mtima.

Dziwaninso kumene filimu yachokera, popeza mu Blantyre timaonera za ku China, ku India ndi ku Nigeria mofanana ndi za ku America. Chinjoka cha ku Ulaya ndi chilombo chosunga chuma chimene ngwazi iyenera kupha. Cha ku China ndi cha mvula ndi ufumu, cholemekezeka. Ife tikaona chinjoka cha m'phiri timakumbuka Napolo ndi madzi osefukira, ndiye timayamba ndi mantha ngakhale pamene filimu ikufuna ulemu. Ku China chofiira ndi cha ukwati ndi mwayi, choyera ndi cha maliro. Ngakhale kwathu kuno chakuda si choipa nthawi zonse: ku kachisi wa Mbona ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, nsalu yakuda ndi ya mitambo ya mvula.

Zolakwika zimene zimabwera kawirikawiri

Choyamba ndi kuganiza kuti mkazi ndiye mtima, mwamuna ndiye mutu, musanaone umboni. Mafilimu ena akale anachitadi zimenezo, ndipo ngati mwapeza yotero nenani poyera kuti yatero. Koma kope liyambe lalankhula.

China ndi kusandutsa chilichonse chizindikiro. Nthawi zina chipinda chaoneka katatu chifukwa ndalama zomangira china zinalibe. Mayeso ake: chotsani chinthucho m'maganizo mwanu muikepo china. Sikelo ikasanduka ndodo, kodi nkhani yataya kanthu? Ngati sinataye, chisiyeni.

Chovuta kwambiri kwa ife ndi kuona ufiti paliponse. Mawu oti matsenga kwathu ndi olemera, amakhudza maliro enieni ndi milandu yeniyeni ya m'mabanja, ndipo si chinthu chochipeputsa. Koma mu mafilimu ambiri otere mphamvu yachilendo ili ngati luso lobadwa nalo, ndipo funso la filimu n'lakuti mwini wake aigwira bwanji: aiphunzira m'buku ndi malamulo, kapena imatuluka yokha akalira kapena akakwiya. Mukangotseka nkhani ndi mawu oti “za usatana”, simuonanso kusiyana kumeneku, komwe ndiye phata la mutu ndi mtima mu filimuyo.

Ndipo musabise umboni wokutsutsani. Mzere wa m'kope umene sukugwirizana ndi maganizo anu ndi umene uyenera kuyang'anidwa kawiri. Dzanja lonjenjemera lija la pa 12:30 linali lotero.

Kulemba kapena kufotokozera anzanu

Tanthauzo lanu likwane m'chiganizo chimodzi chokhala ndi mneni wochita. “Golovesi ikuimira nzeru” n'chiganizo chofooka. “Golovesi ikubisa chisoni chimene mfumukazi imachitcha chilungamo, ndipo ikavulidwa ufumu wake umayamba kuchira” n'chiganizo chimene munthu angachitsutse kapena kuchivomereza. Chichirikizeni ndi maumboni atatu okhala ndi mphindi zake, ochokera ku njira zosiyana: umodzi wa chithunzi, wina wa nyimbo kapena mawu, wina wa zochita za munthu. Maumboni atatu onse a mtundu wa kuwala ndi umboni umodzi wobwerezedwa. Onjezani malo amodzi amene sakugwirizana nanu ndipo munene mmene mukuwaonera.

Ngati muli gulu, kaya la ophunzira a ku yunivesite ya MUBAS, kalabu ya zisudzo ya kusekondale kapena anzanu a ku Chilomoni, gawanani ntchito ya ulendo wachiwiri, poti mutu umodzi susenza denga: wina atsate zovala ndi zinthu za m'manja, wina kuwala, wina kamera ndi kuwerenga madulidwe, wina chithunzi chotsatira nkhope. Aliyense alembe payekha osaonetsana, kenako muike makope pamodzi. Mphindi zimene anthu atatu kapena anayi alemba mosauzana ndi zimene muyenera kuyambira kukambirana.

Mukatha zonsezi, ikani filimu yomasulira ija. Pitani pa mphindi zanu zinayi zikuluzikulu mumve mawu amene DJ wasankha: wati “wapsa mtima” kapena “mutu sukugwira”, wati “wochenjera” kapena “wanzeru”, wasintha liti kuchoka pa “inu” kupita pa “iwe”. Lembani mawu akewo pambali pa anu mu mzere wachisanu ndi chimodzi. Pamene mwasiyana, bwererani ku filimu yoyambirira pa mphindi yomweyo, mawu otseka, muonenso masekondi 30 a m'mbuyo ndi 30 a kutsogolo.